Kodi anthu akuda ndi makaladi ankavotadi ku Cape 1994 isanafike?

Nachisale_Wynberg:

Abale, ndithandizeni amene mumadziwa mbiri ya kuno. Ndimasamalira agogo ena aamuna, achikaladi, kuno ku Cape Town. Ali ndi zaka 88 koma mutu ukugwirabe bwinobwino. Dzulo tikuonera nkhani za Nyumba ya Malamulo pa TV anangoti, "Bambo anga anavota mu 1948, pamzere umodzi ndi azungu, koma anamwalira alibe voti." Ine ndinavomera mwaulemu, koma mumtima ndinati madala asokoneza zaka. Chimene ndimadziwa n'chakuti aliyense amene si mzungu anayamba kuvota mu 1994. Anatinso masiku amenewo kunalibe Western Cape kapena Eastern Cape, chinali chigawo chimodzi chachikulu. Ndiye chigawocho chinali ndi aphungu angati, ankawasankha ndani, ndipo voti ya bambo awoyo inapita kuti? Sindikufuna kutsutsa munthu wamkulu ndilibe umboni.

Aphiri_a_ku_Mowbray:

Achemwali, musawatsutse. Akunena zoona. Inenso ndinachita manyazi pamene mwana wanga anabwera nayo kuchokera kusukulu, ine n'kumuuza kuti aphunzitsi ake alakwitsa.

Isanakhale chigawo, Cape inali dziko la atsamunda palokha, ndi nyumba yakeyake ya malamulo kuyambira 1854. Lamulo la kumeneko silinkafunsa khungu, linkafunsa thumba. Mwamuna wokhala pa nyumba kapena malo a mtengo wa mapaundi 25 ankalembetsa. Amaxhosa ambiri, makamaka ophunzira ku mishoni, analowa m'kaundula, ndipo azungu ataona chiwerengero chikukwera anayamba kukweza mpanda. Mu 1887 anati malo a m'mudzi, amene ali pansi pa mfumu, sakuwerengedwa. Mu 1892, Cecil Rhodes ali nduna yaikulu, anakweza kufika mapaundi 75, n'kuwonjezapo kuti munthu azitha kulemba dzina lake, kumene amakhala ndi ntchito yake.

Mu 1910 madera anayi anaphatikizana kukhala South Africa. Nyumba ya Malamulo inali ndi mipando 121: Cape 51, Transvaal 36, Natal 17, Orange Free State 17. Ndiye Cape ndiyo inali mkulu. M'nyumba yachiwiri, ya Senate, chigawo chilichonse chinali ndi anthu 8. Msampha unali apa: wakuda ndi mkaladi wa ku Cape anamusiyira voti, koma anamuletsa kuima. Phungu azikhala mzungu basi. Chaka cha 1909 gulu lotsogozedwa ndi W.P. Schreiner, momwe munali atsogoleri a akuda ndi makaladi monga John Tengo Jabavu, Walter Rubusana ndi Dr Abdullah Abdurahman, linapita mpaka ku London kukadandaula, koma linabwerako chimanjamanja. Khomo lokha lomwe linatsala linali khonsolo ya chigawo, ndipo Rubusana analowa m'menemo mu 1910 kuimira Tembuland. Mu 1914 Jabavu anaima kupikisana naye, mavoti anagawikana, mzungu n'kudutsa pakati. Nkhani imeneyi imandipweteka kuposa zina zonsezi.

Malamulo a 1910 anati voti ya ku Cape singachotsedwe pokhapokha nyumba ziwirizo zitakhala pamodzi n'kuvomereza magawo awiri mwa atatu. Poona kuti chitseko n'cholimba, anayamba ndi kuthira madzi mumsuzi. Mu 1930 anapereka voti kwa amayi achizungu okha. Mu 1931 anachotsera amuna achizungu zija za chuma ndi kulemba, ena onse n'kuwasiyira. Ovota akuda, oposa pang'ono 10,000, anangomira m'menemo. Kenako mu 1936 nduna yaikulu Hertzog anapeza chiwerengero chimene ankafuna, mavoti 169 kwa 11, ndipo akuda anachotsedwa m'kaundula wa onse. Anawapatsa kaundula wawo, azisankha azungu atatu owalankhulira: Cape Eastern, Cape Western ndi Transkei. Mipando itatu, m'nyumba ya aphungu 150 osankhidwa m'kaundula waukulu uja.

Mkamwini_wa_ku_Athlone:

Aphiri mwaima pabwino, ndipitirize ine, poti apongozi anga ndi makaladi ndipo nkhaniyi amaikamba ngati ya maliro a dzana.

Makaladi anatsalabe m'kaundula wa onse mu 1936, n'chifukwa chake bambo a agogowo anavota mu 1948. Boma la nduna yaikulu Malan litalowa chaka chomwecho linafuna kuwachotsa, chifukwa m'madera angapo a ku Cape mavoti awo ankathandiza chipani chotsutsa cha Jan Smuts. Mu 1951 anakhazikitsa lamulo popanda magawo awiri mwa atatu aja. Ovota anayi achikaladi anakasuma, ndipo mu 1952 khoti la apilo linati lamulolo n'lopanda mphamvu. Mukudziwa zimene boma linachita? Linakhazikitsa lamulo lakuti Nyumba ya Malamulo yomweyo ndi khoti lalikulu kuposa makhoti onse. Wakuba mbuzi kudziika yekha kukhala nyakwawa. Oweruza anakananso. Ndiye mu 1955, Strijdom ali nduna yaikulu, anakulitsa Senate kuchoka pa 48 kufika pa 89 n'kudzazamo anthu awo, oweruza a apilo n'kuwachulukitsa kufika 11. Mu 1956 zinatheka. Pa oweruza 11 amene anakana anali mmodzi yekha, Oliver Schreiner, mwana wa Schreiner uja anapita ku London.

Kuyambira 1958 makaladi ankasankha azungu anayi paokha. Mipando itatu ya akuda inathetsedwa mu 1960, inayi ya makaladi mu 1970. Kuchokera pamenepo aphungu onse a Cape ankasankhidwa ndi azungu okhaokha, mpaka mu 1984 pamene boma linakhazikitsa nyumba zitatu zosiyana: ya azungu, ya makaladi ndi ya amwenye.

Kaka_Bwanji:

Koma akuluakulu, tisakometse. Voti yoti uyambe waonetsa chuma, amayi ayi, iwe mwini kuima ayi, imeneyo tiziti voti? Ndipo azungu atatu aja anasintha chiyani? Malamulo ambiri a tsankho anadutsa iwo ali momwemo.

Aphiri_a_ku_Mowbray:

Achimwene, sindikukutsutsani kwenikweni. Anthu atatu sakanaimitsa chilichonse, ndipo akuda ambiri a nthawi imeneyo ankanena zomwe mukunenazi, ena mpaka kulimbikitsa kunyanyala zisankhozo. Koma taganizani: ikanakhala yachabe, boma likanalimbana ndi makhoti zaka zisanu kuti liichotse? M'madera ena a kummawa kwa Cape, 1936 isanafike, mzungu wofuna mpando ankayenera kupita kukapempha voti kwa mphunzitsi ndi m'busa wakuda, chipewa chili m'manja. Chimenecho ndi chimene a ku Transvaal sankafuna kuchiona.

Onaninso amene ovota akudawo ankasankha atapatsidwa mipando itatuyo. Ku Cape Western anasankha Sam Kahn wa chipani cha Komyunisiti, boma linamutulutsa mu 1952. Anasankha Brian Bunting, anamutulutsanso. Mu 1954 anasankha mayi Ray Alexander, amene sanaloledwe ngakhale kukhala pampandopo. Katatu konse akuuza boma chinthu chimodzi. Ku Cape Eastern, Margaret Ballinger anakhalapo kuyambira pachiyambi mpaka mipandoyo itathetsedwa. Apa pali kachingwe kofika kwathu: amuna awo, William Ballinger, anabwera kuchokera ku Scotland mu 1928 kudzalangiza bungwe la apantchito la ICU, lomwe linayambitsidwa kuno ku Cape Town mu 1919 ndi Clements Kadalie, mwana wa ku Nkhata Bay. William ndi Kadalie sanachedwe kuyambana, koma imeneyo ndi ya tsiku lina.

Ndipo isakhale yachilendo kwa ife. Ku Zomba, mpaka 1949, wolankhulira Mwafirika m'khonsolo ya malamulo ankakhala mzungu wa mishoni, ndipo chisankho cha 1961 chinali ndi akaundula awiri, wapamwamba ndi wapansi.

Achemwali, za chigawocho: ukulu wa Cape sunakhalitse. Migodi inakokera azungu ambiri kumpoto, ndipo poti mipando inkagawidwa poyang'ana azungu, Transvaal inadzapitirira Cape. Mu 1994 chigawocho chinagawidwa kukhala Western Cape, Eastern Cape ndi Northern Cape, chidutswa china n'kupita ku North West, Transkei ndi Ciskei n'kubwerera mkati. Lero chigawo chilichonse chimatumiza nthumwi 10 ku nyumba ya zigawo, NCOP, pomwe nyumba yaikulu ili ndi aphungu 400.

Nachisale_Wynberg:

Zikomo nonse. M'mawa uno ndikuwapatsa phala ndinawafunsa za kaundula wapadera uja. Anaika supuni pansi. Akuti bambo awo anali telala, anavotera chipani cha Smuts, ndipo atawachotsa anakana kulembetsa m'kaundula watsopanoyo, ati sangalowere kukhomo la kuseri pa nyumba imene ankalowera kumaso. Anamwalira mu 1979. Iwowo agogo anakana kuvota mu 1984 pa nyumba zitatu zija, anadzavota koyamba mu 1994 ali ndi zaka 57. Aphiri, dzina la Sam Kahn analidziwa nthawi yomweyo, mpaka anaseka. Akuti pamwamba pa wodilopu pali sutikesi ya mapepala a bambo awo, ndipo andiuza kuti Loweruka mwana wawo akabwera tiitsitse.