Codeine sakugwira, wodwala akupempha tramadol: ndichite chiyani?

Wozula mano: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Lolemba ndinazula mayi wina wa zaka 34 dzino lakumapeto la m'munsi. Linandivuta, mizu inali yopindika. Ndinawapatsa codeine wosakaniza ndi paracetamol, uja wa 30/500 (codeine 30 mg, paracetamol 500 mg). Lero Lachinayi abweranso atagwira tsaya, akuti mapiritsi aja ali ngati akumeza madzi. Ululu ukufika mpaka m'khutu, usiku wonse sanagone. Akupempha tramadol, akuti mnzawo anawauza kuti ndiye amatha. Ndiwapatse, kapena ndiwonjezere codeine?

Dotolo wamkulu: Achimwene, musanalembe mankhwala ena alionse, mwasuzumira m'bowomo? Ululu woyamba patatha masiku atatu kapena anayi chizulireni dzino, wothamangira m'khutu, umandikumbutsa dry socket, vuto limene magazi oundana otseka bowo la dzino amachoka, fupa n'kukhala poyera. Onani ngati magazi oundana aja akadalimo, ndipo mununkhize.

Wozula mano: Ndangoona kumene. Mulibe kanthu, fupa likuoneka loyera, fungo lake ndi losachita kufunsa. Kutupa kulibe, thupi silikutentha. Avomeranso kuti tsiku loyamba lomwelo ankachukucha m'kamwa mwamphamvu.

Dotolo wamkulu: Basi, ndi chomwecho. Fupa lili pamtunda, ngakhale mutawapatsa morphine mungowagoneka tulo, bowolo likhalabe chomwecho. Tsukani ndi saline pang'onopang'ono, osakanda, kenako ikani dressing ya eugenol, mankhwala oziziritsa ululu m'bowomo. Popeza palibe kutupa kapena kutentha thupi, ma antibiotic asiyeni.

Wafamase: Ndilowererepo pa codeine. Afunseni mayiwo ngati pali mankhwala ena amene amamwa tsiku ndi tsiku.

Wozula mano: Eee, akuti ali pa fluoxetine, mankhwala a nkhawa ndi kukhumudwa, kwa miyezi ingapo tsopano. Lolemba sanandiuze, nanenso ndinangofunsa za BP ndi shuga.

Wafamase: Ndi pamenepo. Codeine payekha alibe mphamvu kwenikweni. Amadalira chiwindi kuti chimusandutse morphine kudzera mu enzyme yotchedwa CYP2D6, ndipo ndi gawo laling'ono chabe limene limasandulika. Fluoxetine amatsekereza enzyme imeneyi, paroxetine nayenso chimodzimodzi. Ndiye mayiwo sakunama, pa mapiritsi anu aja chimene chinkagwira ndi paracetamol yekha. Codeine anangowabweretsera kudzimbidwa, mwina ndi nseru. Tramadol ndiye musayerekeze. Nayenso amadalira CYP2D6 yemweyo kuti atulutse chigawo chake chopha ululu mwamphamvu, choncho sangathandize mokwanira. Choopsa n'chakuti amakwezanso serotonin, kemikolo yotumiza mauthenga mu ubongo imene fluoxetine nayenso amaikweza, ndipo akakumana ndi fluoxetine munthu akhoza kuyamba kunjenjemera, kutuluka thukuta, kusokonezeka mutu, ngakhale kugwa ngati wakhunyu.

Namwino: Koma inetu munthu akabwera akutchula yekha dzina la mankhwala ndimachita naye mantha. Ena amakhala kuti anazolowera kale.

Wafamase: Zimachitikadi, achemwali, koma apa chifukwa chaoneka ndi maso, fupa lili poyera. Palinso anthu amene anabadwa enzyme imeneyi ili yofooka, kwa iwo codeine sagwira ngakhale asakumwa china chilichonse. Ena ndi osiyana nawo, amasandutsa codeine mwachangu kwambiri moti mlingo wamba ukhoza kuwabanikitsa kupuma. N'chifukwa chake sitipatsa codeine kapena tramadol ana osakwana zaka 12 ndi amayi oyamwitsa. Ku America bungwe loona za mankhwala la FDA linaletsa mankhwalawa kwa ana amenewa mu 2017, n'kuchenjezanso kuti amayi oyamwitsa asamamwe.

Wozula mano: Ndamva. Nanga kunyumba apite ndi chiyani?

Dotolo wamkulu: Ibuprofen 400 mg pamodzi ndi paracetamol 1 g. Ululu wa dzino umachokera kwambiri ku ma prostaglandin, makemikolo amene thupi limatulutsa pamalo povulala, ndipo ibuprofen amadula gwero lake, pamene ma opioid, monga codeine ndi tramadol, amangozimbaitsa uthenga mu ubongo ndi mu msana. Pa mano, awiriwa amaposa codeine, ndipo American Dental Association inaika ma NSAID, mankhwala a gulu la ibuprofen, patsogolo m'malangizo ake a 2024. Auzeni asiyiretu 30/500 uja, muli paracetamol kale, angapitirire 4 g patsiku osadziwa.

Wafamase: Chenjezo limodzi, bwana. Fluoxetine ndi ibuprofen akakumana amawonjezera chiopsezo chotaya magazi m'mimba. Afunseni za zilonda za m'mimba, impso, mphumu, komanso ngati ali oyembekezera. Ngati zonse zili bwino, akhale masiku ochepa okha, amwe atadya. Ngati pali chikaiko pa za m'mimba, onjezani omeprazole woteteza m'mimbamo. Fluoxetine asasiye, ameneyo ndi wa amene anawalembera.

Wozula mano: Ndatsuka, ndaika dressing. Pasanathe theka la ola dzanja alichotsa pa tsaya, ayamba kucheza ndi namwino wathu. Zilonda za m'mimba alibe. Ndawauza abwerenso Loweruka m'mawa ndidzaone ngati dressing ikufunika kusintha, ndipo pa fomu yathu ndawonjezera funso la mankhwala a nkhawa ndi kukhumudwa.