Kuwonjezera 9 pa manambala akale a ku Brazil

Moni nonse abale ndi alongo. Ndili ndi manambala pafupifupi 600 a makasitomala a ku Brazil, omwe adasungidwa dzikolo lisanawonjezere 9 pa manambala a foni zam'manja. Kusinthaku kudayambira ku São Paulo mu 2012 n'kutha mu 2016. Pano nambala imakhala +55, manambala 2 a dera, 9, kenako 8 akale aja.

Ndidawatulutsa mu foni kupita mu fayilo ya CSV (fayilo ya mndandanda yotsegulidwa ndi pulogalamu ya matebulo) n'kuika 9 paliponse, koma apo ndidaononga manambala a foni zapansi, omwe sadasinthe ndipo amayamba ndi 2 mpaka 5. Chinanso, pulogalamu ya matebulo ikumeza + n'kusandutsa nambala kukhala 5.51E+12. Kukonza imodziimodzi ndatopa nako. Foni yomwe muli manambalawa ndi ya Android.

Kodi alipo akudziwa fomula yoika 9 pa oyamba ndi 6 mpaka 9 okha, + osasowa? Chonde ndithandizeni.