Ndithandizeni kupeza mafilimu a mafumu akale a ku Philippines

Moni abale nonse. Ndabwera ndi pempho kwa inu okonda mafilimu a mbiri yakale.

Mwezi wathawu ndinaonera Heneral Luna, filimu ya 2015 yomwe anaitsogolera Jerrold Tarog. Imakamba za Antonio Luna, mkulu wa asilikali amene ankalimbana ndi Aamerika, koma anaphedwa ndi asilikali a dziko lake lomwe ku Cabanatuan mu June 1899. Zinandikhudza mumtima, makamaka momwe akuluakulu ena ankaikira chuma ndi mabanja awo patsogolo pa dziko. Kenako ndinaonera Goyo ya 2018, ya Gregorio del Pilar, mkulu wina wa asilikali a ku Philippines, amene anafera pa nkhondo ya pa Tirad Pass ali ndi zaka 24 zokha.

Tsopano mtima wanga uli pa nthawi ya kale kwambiri, Asipanishi asanakhazikike, pamene zilumbazo zinkalamulidwa ndi mafumu otchedwa datu, rajah ndi sultan. Ndikufuna kwambiri nkhani ya Lapulapu, mfumu ya ku Mactan yomwe anthu ake anapha Ferdinand Magellan, mtsogoleri wa zombo za Asipanishi, pa 27 April 1521. Pali filimu ya 2002 yomwe Lito Lapid anasewera ngati Lapulapu. Alipo anaionera? Kodi imatsata mbiri, kapena ndi ndewu zokhazokha?

Nanga za Sultan Kudarat wa ku Maguindanao, amene anakana kugonjera Asipanishi kwa zaka zambiri, ilipo filimu yake?

Chitagalogi, chilankhulo cha ku Philippines, sindimva, choncho ndikufuna zokhala ndi mawu a Chingerezi olembedwa m'munsi. Chonde ndiuzeni komwe ndingazipeze movomerezeka. Zikomo kwambiri.