Zija ndinafunsa za kanema wa kwaya yathu zatheka

Masabata atatu apitawa ndinafunsa chomwe chinkalakwika pa kanema wa kwaya yathu kuno ku Dedza. Mitu ya oyimba inkadukira pamwamba, amayi otsogolera nyimbo ali pakatikati ngati chithunzi cha pachiphaso, phiri kumbuyoko osaoneka bwino. Ndabweranso kudzakuuzani momwe zayendera.

Malangizo amene andithandiza kwambiri ndi aja a mizere. Ndinatsegula grid pa kamera ya foni, mizere iwiri yoimirira ndi iwiri yopingasa imene imagawa chithunzi m'zigawo 9. Amayi aja ndinawaika pa mzere wakumanzere, maso awo ali pa mzere wam'mwamba, kenako ndinasiya mpata waukulu mbali imene akuyang'ana, komwe kuli oyimba. Nditaonera madzulo ake mtima unakhala pansi. Dzanja lawo likamakwera pamwamba limakhala ndi kopita, silikugundanso m'mphepete mwa chithunzi, ndipo diso la woonera limangolitsatira mpaka pa oyimbawo.

Foni ndinaigwira chopingasa, pa muyeso wa 16:9 umene chithunzi chimakhala chotambalala m'mbali, kuti onse akwane. Ndinagwadanso pansi n'kulowetsa nthambi ya paini pakona yakumwamba. Apo m'pamene Phiri la Dedza linaonekadi kuti lili kutali, kwaya ili pakati, nthambi ili pafupi.

Chatsala ndi kuwala. Tinajambula dzuwa lili kumbuyo kwa oyimba ndipo nkhope zinada. Loweruka likubwerali tidikira nkhungu ichoke, tijambulenso dzuwa lili kumsana kwanga.