Zimbudzi za padoko: tilandire simenti ya a MP kapena ayi?

Mlembi: Asalaam aleikum, moni nonse abale. Komiti inakumana Loweruka. Ndalama zomwe tasonkha zakwanira kukumba maenje ndi kugula njerwa, koma za simenti ndi malata palibe. A MP athu atumiza uthenga kuti atha kutipatsa zonsezi. Apempha zinthu ziwiri: makoma apakidwe penti ya mtundu wa chipani chawo, ndipo tsiku lotsegulira adzabwere ndi atolankhani awo. Tikufuna maganizo anu lisanafike Lachisanu.

Che Amidu (Joni): Landirani, musachedwe. Mwaiwala kolera ya 2022 mpaka 2023? Inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Mangochi inali m'gulu la maboma omwe anavutika kwambiri. Padoko lathu pamagona asodzi, pamaswera amayi oyanika usipa, pamabwera ogula ochokera ku Limbe, ndipo onsewa amadzithandizira m'bango. Madzi omwewo ndi amene ana athu amasamba. Penti ikhale ya mtundu uliwonse, bola chimbudzi chikhalepo mvula isanayambe.

Abiti Jafali: Che Amidu, inu muli kutali, ife tikuziona. Pitani mukaone mjigo wa pafupi ndi msika. Unalembedwa dzina la munthu wandale pasimenti pake. Utaonongeka, komiti inayenda khomo ndi khomo kupempha ya mapaipi, anthu nkumayankha kuti kauzeni mwini wake. Lero pamera udzu, mbuzi zimagona pamenepo, amayi abwerera kunyanja ndi zidebe. Chinthu chikangovala mtundu wa chipani, theka la mudzi limachotsapo mtima. Zimbudzi zimafuna kukolopa tsiku ndi tsiku. Adzakolope ndani ngati anthu akuti ndi za a MP?

Bambo Nkhoma (mphunzitsi wopuma): Ndikugwirizana ndi Abiti. Ndipo a Mlembi mukawafunse: simentiyo ikuchoka m'thumba mwawo kapena ku CDF, thumba la boma la chitukuko cha m'dera la phungu? Ngati ndi ya CDF, imeneyo ndi misonkho yathu, iyenera kudzera ku makomiti a chitukuko, ya m'mudzi (VDC) ndi ya m'dera la T/A (ADC), mpaka ku khonsolo, ndipo palibe chifukwa choti tiithokoze ndi penti. Koma chondiwawa kwambiri ndi cha atolankhanicho. Adzabwera pa galimoto ya a MP, adzadya nsima ya chambo yolipiridwa ndi a MP, adzalandira chimpondamthengo, madzulo tidzamva kuti phungu wamanga zimbudzi ku Mangochi. Za ana athu amene akugona asanu m'chipinda chimodzi ku Johannesburg kuti atumize kangachepe sizidzamveka. Boma lathuli limatchulidwa pa nkhani kukagwa kolera, nyanja ikasefukira ngati mu 2024, kapena akuluakulu akabwera kudzachita msonkhano kumahotela a m'mbali mwa nyanja. Msewu wa ku Makanjira taumva kangati pa wailesi nthawi ya kampeni? Anthu akadzichitira okha chinthu, palibe amabwera ndi kamera.

Shakira: Aphunzitsi, pepani ndiyankhepo pang'ono. Atolankhani ambiri amaboma amalandira zochepa, ndipo alibe galimoto. Amapita komwe wina wawanyamula. Ife tinayamba tawaitanapo? Tili ndi Umoyo FM pa boma pomwepa, Radio Maria ili konkuno, Dzimwe ili ku Monkey Bay. Tiwaitane tokha, tiwalipirire thiransipoti poyera kuchoka m'thumba la gulu, alankhule ndi amayi a padoko m'Chiyao ndi m'Chichewa. Zithunzi za ntchito ndi mndandanda wa osonkha ndiziika ine pa Facebook kuyambira tsiku lokumba. Wina akadzanena kuti wamanga yekha, umboni udzakhala ulipo kale.

Che Amidu (Joni): Shakira mwanangu wanena zanzeru. Koma Facebook sigula simenti. Ife kuno zinthu zavuta, maganyu achepa, ena mapepala awo anatha, sangasonkhenso msanga. Mukakana thandizoli mundiuze kuti malata achoka kuti. Masankho anadutsa pa 16 September 2025, kampeni ili kutali, ndiye mukuopa chiyani?

Abiti Jafali: Walira mvula walira matope, Che Amidu. Kampeni kwathu kuno sikutha. Lero ndi penti, mawa adzati wosunga makiyi akhale wapampando wa chipani wa m'dera.

Msungichuma: Ndiloleni ndinene za ntchito yeniyeniyo, poti tonse tathamangira ku ndale. Padoko pali mchenga, ndipo madzi ali pafupi kwambiri pansi. Dzenje losamangira mkati lidzagumuka mvula yoyamba. Alangizi a zaumoyo anatiuza kuti tikumbe kumtunda, mamita osachepera 30 kuchoka pamadzi ndi pachitsime, ndipo malo amenewo ndi a mfumu, sitinawapemphebe. Choncho simenti ikufunika yambiri kuposa momwe tinawerengera poyamba. Ubwino wake, nyanja ikatsekedwa mu November asodzi amakhala alibe chochita, ndipo alonjeza kututa mchenga ndi miyala ulere. Tikaphonya nthawi imeneyi tidzalipira aganyu.

Bambo Nkhoma: Ndiye tilembe kalata kwa a MP. Simenti tilandira ndi manja awiri, penti ikhale laimu woyera, pachikwangwani palembedwe gulu lathu, mudzi, ndi dzina lawo pamodzi ndi ena onse othandiza. Tsiku lotsegulira adzalankhule, koma ayambe ndi a mfumu ndi amayi a padoko.

Che Amidu (Joni): Nanga akakana?

Abiti Jafali: Akakana timange zipinda ziwiri m'malo mwa zinayi, chimodzi cha amayi, chimodzi cha abambo. Zotsalazo chaka chamawa.

Che Amidu (Joni): Ziwiri sizikwana tsiku la usipa wambiri, mukudziwa inunso. Ine sindinakhutire, mulembe choncho m'maminitsi.

Mlembi: Ndalemba. Kalata ndiyamba usiku uno, ndiika pano mawa kuti muione isanapite. A Msungichuma ndi Abiti, mungapite kwa a mfumu Lachitatu za malo aja? Ndipo palibe wayankha za wokolopa ndi sopo, kaya tidzilipiritsa pakhomo kaya BVC, komiti yoyang'anira za usodzi padoko, itenge udindo. Imeneyo tiikambe mawa.