Ndimasokoneza kumanzere ndi kumanja, kodi perete ndikaitha?

Akuluakulu, ndabisa dzina chifukwa nkhaniyi ndi yochititsa manyazi. Ndatengedwa usilikali, maphunziro tiyamba mwezi wamawa. Zothamanga sizikundiopsa, chikundisowetsa tulo ndi perete. Dzulo ndinayesa kuguba, mng'ono wanga akuitanira lefiti raiti, koma dzanja lamanja limapitira limodzi ndi mwendo wamanja. Mwanayo anaseka mpaka misozi. Komanso munthu akandikalipira mutu umaima. Ndiye ndamva kuti mmodzi akalakwitsa, alangizi amalanga gulu lonse. Ndiyambiretu kuphunzira pa YouTube? Amene munadutsamo ndithandizeni.

Ndemanga

Msilikali wopuma: Mwana wanga, za YouTube zisiye. Dziko lililonse lili ndi kagubidwe kake, ndipo mlangizi amavutika kwambiri ndi wobwera ndi zolakwika zake kusiyana ndi mbuli yeniyeni. Za dzanjazo zimabwera chifukwa ukuganizira manja. Ukamayenda wamba sizichitika, eti? Ponya phazi lamanzere poyamba, manja uwaiwale, atsatira okha. Koma chachikulu ndi khutu. Lamulo limakhala pawiri: mawu oyamba, okoka aja, ndi okuchenjeza chabe, ndipo omaliza, achidule, ndi amene umasuntha nawo. Ambiri amalakwitsa chifukwa chothamangira oyambawo. Liwiro wamba kwa asilikali ambiri ndi masitepe 120 pa mphindi, awiri pa sekondi, sitepe imodzi pafupifupi masentimita 76. Ndodo yotambasuka ija amanyamula asajeni meja ndi yoyezera zimenezi.

Membala wina: Zolangidwa nonse ndi zoona achimwene. Ine sabata yoyamba ndinatembenukira kumanja anzanga onse kumanzere, nʼkupezeka tayangʼanizana mphuno ndi mphuno ndi mnzanga. Akopolo anatizungulitsa bwalo tonse, jombo zikulemera ngati miyala. Madzulo anzanga omwewo ananditengera kuseri, kundigubitsa mpaka ndinakhoza, poopa kuthamanganso mawa. Kulakwitsa amakuyembekezera. Chimene sachikhululukira ndi kudziwiringula kapena kuyankhiza.

Mayi wina: Ine ndingowonjezerapo zoima nthawi yaitali. Osaumitsa mawondo, magazi amatsalira m'miyendo, munthu nʼkukomoka. Muzigwedeza zala mkati mwa jombo, palibe amaona.

Wofunsa: Zikomo nonse. Nanga bambo, ndikamva mawu ochenjezawo koma kumanzere kwandisokonekerabe?

Msilikali wopuma: Mpake amawakoka, kuti upeze mpata. Kuyambira lero, aliyense akatchula kumanzere, finya chala chachikulu cha phazi lamanzere. Mng'ono wakoyo azikudzidzimutsa nawo mawuwo, ngakhale uli mkati mosamba.