Mawindo akumadzulo akuwotcha ofesi ku Nchalo

Kontilakitala wa ku Nchalo: Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Tamaliza ofesi kuno, mawindo atatu akuluakulu a aluminiyamu ayang'ana kumadzulo. Ikangokwana 2 koloko masana mkati simukhalika, pomwe Okutobala sanafike n'komwe. Siling'i ilipo, makatani ndi okhuthala. Eni ake akuti ndimate tinti wakuda, kapulasitiki kopyapyala komata pagalasi kaja. Ndimate?

Wamagalasi wa ku Limbe: Achimwene, wakudayo musiyeni kaye. Amamwa kutentha m'malo mokubweza. Galasi limatentha pakati m'mbali muli mozizirirapo, ndiye ngati linagumuka podula limang'aluka lokha, mlandu n'kukhala wanu. Akakakamira, gulani tinti wonyezimira ngati kalilole, wobweza kutentha. Koma muwauziretu kuti usiku akayatsa magetsi, wodutsa panja aziona zonse.

Mayi wojambula mapulani: Makataniwo musawadalire. Galasi wamba limalowetsa pafupifupi 80 peresenti ya kutentha kwa dzuwa, ndipo pamene kukufika pa katani kwalowa kale m'chipinda. Dzuwa litchingeni lisanakhudze galasi.

Kontilakitala wa ku Nchalo: Ndiye ndiike kadenga pamwamba pa windo lililonse, mayi?

Mayi wojambula mapulani: Mawindowo akanayang'ana kumpoto ndikanavomera, chifukwa mu Juni dzuwa limadutsa chakumpoto koma masana limakhala m'mwamba, kadenga n'kugwira ntchito. Kumadzulo n'kwina. Kuyambira 3 koloko dzuwa limapendeka, n'kumalowa pansi pa kadengako molunjika pa desiki. Pakufunika chotchinga choimirira kutsogolo kwa windo.

Madala womanga: Mayiwa anena zoona. Mangani chipupa cha mabreeze block, njerwa za simenti zamabowo zija, chitalikirane ndi windo mita imodzi kuti mphepo izidutsa ndiponso windo lizitseguka. Musankhe a mabowo ang'onoang'ono opendekera pansi, apo ayi dzuwa lamadzulo lidutsabe. Nyumba zakale za boma ku Zomba mwaziona makhonde ake? Achinyamata a lero mumangokonda magalasi basi.

Wowotcherera: Malo akachepa, malouva achitsulo, tizitsulo tophwatalala tondandalika mopendekera, amathanso. Apentedwe zoyera, pakhale mpata ndi khoma, chifukwa chitsulo chikatentha chimabwezera kutenthako pagalasi.

Kontilakitala wa ku Nchalo: Malo alipo madala, koma ndalama za simenti akuti mwezi wamawa.

Madala womanga: Pakadali pano dzikani mapolo, mukokepo shedi neti, neti wotchinga 80 peresenti ya dzuwa uja, kuchokera kudenga mpaka pansi. Mvula ikayamba mubzale nimu mbali imeneyo, ku Chikwawa amakula msanga, koma atalikirane ndi fawundeshoni mamita osachepera 5.

Kontilakitala wa ku Nchalo: Zikomo nonse. Neti ndikoka mawa, kotesheni ya mabreeze block ndiwapatsa Lolemba.